Dzanja likafika kukhutu

Ife tinalowa sukulu nthawi ya Kamuzu, pamene makolo ambiri akumudzi sankasunga tsiku lobadwa la mwana. Aphunzitsi aakulu anali ndi muyezo wawo: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wogwira ankalembedwa sitandade 1, wolephera ankabwerera kukaweta mbuzi mpaka chaka chamawa. Ochenjera ankapendeketsa khosi, koma ankagwidwa. Chotsala chinali fizi basi. Zoti mwana akudziwa zilembo panalibe wofunsa.

Komatu sitinkapita mutu uli mbee. Kuwerengera tinkakuphunzirira pa phada ndi bawo, kugawana ntchito pa masanje. Nthano za agogo zinkatizoloweretsa kukhala phee mpaka nkhani ithe, luso limene mphunzitsi aliyense wa ana aang'ono amalilakalaka.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ya pulayimale, ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndipo mwana wamanyazi ankangomira m'chigulumo. Makolo anayamba kuona kuti kudikira zaka 6 mwana ali pakhomo n'kumuchedwetsa.

Lero sukulu zamkombaphala zili ponseponse, koma zili mitundu iwiri. Kumudzi ana amasonkhana m'tchalitchi kapena m'chisakasa, alezi ake ambiri ndi ongodzipereka, ndipo phala limaphikidwa ndi ufa umene makolo asonkha. Ufa ukatha, cha mu Januwale muja, ana nawonso amachepa. M'tauni mwana wa zaka 3 amanyamula chikwama chofika m'miyendo, amabwera ndi homuweki, ndipo kumapeto kwa chaka amavekedwa mkanjo ndi chisoti, makolo akujambula ndi mafoni.

Mdzukulu wanga amalakatula masiku a sabata m'Chingerezi osaphonya, anthu n'kumawomba m'manja. Ndikamufunsa kuti lero ndi lachingati, amangondiyang'ana. Sindikunyoza sukulu yake, pakuti kumeneko waphunzira kudikira anzake pamzere, kupempha chilolezo chopita kuchimbudzi, ndi kusiyana ndi amayi ake osalira. Zimenezo ndiye zomukonzekeretsa, ngakhale kuti palibe kholo limene limazitchula likamadzitama. Chimene makolo amachifunsa pokalembetsa mwana n'chimodzi: "Kodi pano mumawaletsa kuyankhula Chichewa?"