Kwa achimwene anga a Dalitso ku Johannesburg

Achimwene,

 Kuno ku Limbuli mayi ali bwino, kungoti mawondo aja amawavutabe kukazizira. Ndalama munatumiza zija zinafika, malata tagula, kwatsala misomali.

Pa foni paja munandikalipira kuti ndikungotha nsapato poyendera "amisala a pamsika". Ndinakhala chete chifukwa mayunitsi anu amatha. Lero ndikuyankheni bwinobwino, ndipo musakwiye, ndine mlongo wanu.

Amene amagona m'makhonde a masitolo kuno si onse odwala misala. Odwalawo alipo ndithu, ndipo nawonso ndi ana a anthu. Koma ena ndi anyamata onyamula matumba a chimanga chochokera ku Milange, amene ndalama ya lendi sawakwanira. Ena nyumba zawo zinapita ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri kuno kwa Njema ndi ku Phalombe. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala nthawi imene ija. Misasa itatsekedwa, si onse amene anali ndi kobwerera, poti minda ina inasanduka mchenga wokhawokha.

Inu munaona zithunzi pa Facebook, ine ndinali m'misasamo ngati mlangizi wa zaumoyo. Madzi aja anakokolola mabotolo a ma ARV, mankhwala a TB, ngakhale timabuku ta kuchipatala. Kolera inali ili kale m'dziko kuyambira 2022, ndipo inapha anthu oposa 1,700. Misewu ndi milatho itaduka, sizikanatheka kukhala pansi kudikira odwala. Manesi ndi madokotala ankabwera ndi chipatala choyendayenda, ife tikugawa klorini ndi Thanzi, tikuyeza ana malungo m'kalasi momwe mabanja ankagona mothithikana, mphere zikungofalikira.

Munati chipatala cha boma n'chaulere, ofuna chithandizo azipita okha. N'chauleredi, achimwene. Koma mzere umadya m'mawa wonse, ndipo m'mawamo ndi momwe mumapezeka ganyu. Munthu akaphonya ganyu, tsiku limenelo agona ndi njala. Kamtolo kake ka zofunda amusungira ndani? Sopo alibe, ndiye akakhala pa benchi anzake amasendera kutali, iye n'kuona, n'kudzuka mwakachetechete. Bala laling'ono la pamwendo limafika pochita mafinya chifukwa cha manyazi amenewa.

Chovuta kwenikweni n'chakuti amalize mankhwala. Mankhwala a malungo a LA amamwa masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo amagwira bwino ntchito munthu akadya. Wopanda chakudya umamuuza chiyani? Mankhwala a TB ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ma ARV ndi a tsiku ndi tsiku moyo wonse. Akasiyira panjira, matenda amabwerera ali ouma mutu, mankhwala omwe aja osawamvanso, ndipo chifuwa chimenecho chimakwera nafe minibasi imodzi.

Tsono munthu wopanda khomo umamulondola bwanji? M'kaundula mumafunika mudzi ndi dzina la mfumu. Ine m'kabuku kanga ndimalemba kuti "kuseri kwa chigayo" kapena "khonde la telala". Ndikamusowa ndimafunsa amayi ogulitsa nthochi ndi anyamata a kabaza. Iwowa amadziwa amene wagona kuti, amene sanadzuke, amene waoloka mtsinje wa Muloza. Popanda iwo sindingapeze ndi mmodzi yemwe.

Musaganize kuti ndikudziyesa dokotala. Ana aang'ono ndimawathandiza malungo ndi kutsegula m'mimba monga anatiphunzitsira. Akuluakulu ndimawanyengerera, n'kuwaperekeza ndekha mpaka pakhomo pa dokotala. Odwala misala ndiye pamafunika mtima wautali. Ena amayamba kuyankha moni patapita miyezi, ndipo sindiwakakamiza.

Tsopano za inu. Tikumva kuno kuti a Operation Dudula akhala akutsekereza alendo pa zipata za makiliniki kumeneko. Inu muli ndi BP, ndipo ndikukudziwani, mumati mukamva bwino mumasiya mapiritsi. Kodi mukukatengabe? Usiku ndimalingalira kuti ntchito itakutherani, lendi n'kukukanikani, angabwere ndani kudzakufunani kumene mwagona. Ndimapemphera kuti kumenekonso kukhale wina wotha nsapato. Mundiuze zoona za mankhwalawo, osati zongondisangalatsa.

Mvula ili pafupi. Mukamatumiza katundu wa Khirisimasi, nsalu ija musavutike nayo, mundiikire renikoti ndi magambutsi, saizi 6. Matayala a njinga ndigula konkuno. Mayi akuti muwaimbire Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, ali ndi mawu okhudza munda wa kumtunda uja.

Ndine mlongo wanu,
Chisomo