Val Lewton, munthu amene ankagulitsa mdima

M'chaka cha 1942 kampani ya mafilimu ya RKO ku Hollywood inali pamavuto a zachuma. Inali itamwaza ndalama zambiri pa mafilimu a Orson Welles amene sanabweze phindu, pamene anzawo a Universal ankakolola ndi mafilimu a zilombo. Mabwanawo anafuna munthu wowapangira zoopsa motchipa ndiponso mofulumira, ndipo anapeza Val Lewton, mbadwa ya ku Yalta ya m'chaka cha 1904, amene anafika ku Amereka ali kamwana, nakhala zaka zingapo akusankhira David O. Selznick nkhani zoyenera kujambulidwa.

Malamulo anali atatu. Filimu iliyonse isadye madola oposa 150,000, isapitirire mphindi 75, ndipo dzina lake lizichokera kwa mabwana nkhani isanalembedwe n'komwe. Lamulo lachitatuli ndilo linali lonyoza. Munthu wowerenga mabuku ngati iyeyo ankangopatsidwa dzina lokopa anthu pa chikwangwani, monga Cat People, kenaka n'kuuzidwa kuti apeze nkhani yolowa m'menemo, ngati mmisiri amene wapatsidwa chitseko kuti amangirepo nyumba.

Ndalama zopangira chilombo chokhulupirika panalibe. Munthu wovala chikopa cha mphaka akanangoseketsa anthu. Choncho Lewton ndi Jacques Tourneur, amene ankatsogolera kujambula, anasankha kubisa chilombocho. Mu Cat People muli mkazi akuyenda yekha usiku m'mbali mwa mpanda wamiyala. Kumbuyo kukumveka nsapato za mkazi wina amene akumulondola. Mwadzidzidzi nsapatozo zaleka kumveka, ndipo bata limenelo likuopsa kuposa phokoso lija. Woonera akudikira nyalugwe. Kenaka pakumveka kufwenthera kwaukali, koma ndi basi chabe imene yaima kuti mkaziyo akwere. Mpaka lero opanga mafilimu amatchula njira yodzidzimutsira imeneyi ndi dzina la Lewton ndi basi yakeyo. Ngakhale makwerero aakulu a nyumba ya m'filimuyi anali otsala ku filimu ya Welles, The Magnificent Ambersons. Filimuyi sinafike n'komwe pa malire a ndalama aja, koma inapindulitsa kampaniyo kwambiri.

Chochitika chake chopweteka koposa chili mu The Leopard Man ya 1943. Mayi wina wa ku New Mexico akutuma mwana wake wamkazi usiku kukagula ufa wa chimanga, chikhalirecho tauni yonse ikudziwa kuti nyalugwe wathawa kwa mwini wake. Mwana akudandaula, mayi akumutulutsa natseka chitseko. Pobwerera mtsikanayo akumana ndi chilombocho pafupi ndi mlatho wa sitima, ufa utayika, iye athamangira kwawo akulira kuti amutsegulire. Mayi akuganiza kuti ndi mantha achibwana. Pamene azindikira, mpiringidzo wakana kutseguka. Kamera sikutuluka panja ayi. Ikukhala m'nyumba pamodzi ndi mayiyo, ndipo chooneka ndi kamtsinje ka magazi kolowa pansi pa chitseko. Aliyense amene anatumidwapo kugolosale dzuwa litalowa, kapena amene anatumapo mwana, safunikira kuonetsedwa mano a nyalugwe. Choopsa apa ndi kholo limene silinamve mwana wake, ndipo chimenecho sichigulidwa ndi madola.

Dzina lina limene anapatsidwa linali I Walked with a Zombie, mawu onena za akufa oyenda, ofananako ndi ndondocha za m'nkhani za kumudzi. Lewton anabwereka mafupa a buku la Jane Eyre, naika nkhaniyo pa chilumba cha ku Caribbean, pakati pa minda ya nzimbe ndi zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa. Filimuyi siili yopanda chilema, chifukwa nkhani yaikulu ndi ya banja la azungu basi. Komabe m'nthawi imene Hollywood inkaonetsa anthu akuda ngati choseketsa, iyi inanena poyera kuti chuma cha banjalo chinamera pa misozi ya ukapolo.

Pofika 1946 anali atapanga mafilimu oopsa asanu ndi anayi, atatu omaliza ali ndi Boris Karloff. Nthawi zambiri iye mwini ndiye ankalemba komaliza nkhani yojambulidwa, koma dzina lake saliikapo, kapena ankabisala m'dzina loti Carlos Keith. Anyamata awiri amene ankalumikiza zidutswa za filimu, Mark Robson ndi Robert Wise, anayambira pa mafilimu ake ntchito yotsogolera kujambula. Wise ndi yemwe uja anadzapanga The Sound of Music.

Lewton ankalakalaka kutuluka m'khola la mafilimu otchipa, ndipo anatulukadi, koma kunjako sikunamuyanje. Ku Paramount ndi ku MGM anapanga filimu imodziimodzi, zonse zosakumbukika. M'khola muja, popeza ndalama zinali zochepa, mabwana sankasuzumira kawirikawiri. Kumene kunali ndalama kunalinso manja ambiri. Robson ndi Wise anakonza naye zoyambitsa kampani yawoyawo, koma pamapeto pake anapitiriza popanda iye. Mtima wake unali utayamba kale kuvuta, ndipo anamwalira m'mwezi wa Malichi 1951 ali ndi zaka 46.

Filimu yake yomaliza, Apache Drums, inatuluka iye atagona kale. Ndi ya nkhondo za kumadzulo kwa Amereka, ndipo ndi yokhayo imene anaipanga ya mitundu. Chigawo chake chomaliza chimachitikira m'tchalitchi usiku, anthu atadzitsekera, mazenera ali pamwamba poti sangathe kuona kunja, akungomvetsera ng'oma.