Waya wa Moto Udapita Kuti?

Mkulu wina wa ku Ulongue wakhala akukonza magalimoto kuyambira nkhondo isanathe mu 1992. Waya wa chopondera moto ukaduka, iye ankalumikiza ngakhale ndi waya wa buleki ya njinga, galimoto n'kukafika ku Tete.

Tsiku lina mlamu wake anabwera ndi Toyota yodzaza mbatata ya kachewere, ikuyenda ngati ngolo, nyale yachikasu itayaka. Mkuluyo anatsegula boneti, kufunafuna waya uja, osaupeza. Thukuta kamukamu, mbatata ili padzuwa.

Anamupulumutsa ndi mdzukulu wake. "Agogo, zamakonozi zilibe waya," anatero. Phazi likaponda, tizipangizo tiwiri ta pachopondera timauza kompyuta, ndipo kompyutayo imalamula kamota kotsegula chitseko cha mpweya wopita mu injini. Pachitsekopo palinso tizipangizo tiwiri tonena m'mene chatsegukira. Awiriwa akasiyana mawu, kompyuta imachepetsa mphamvu dala, kuopa kuti galimoto ingathamange yokha. Sikufa kwa injini ayi, ndi kuchenjera.

Mnyamatayo analowetsa kamakina kake pa soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero. Kanalemba P2135: tizipangizo ta pachitseko sitikugwirizana. Mlamu anafuna kugula chitseko chatsopano. Mkulu uja anakana, nayamba wayang'ana pulagi. Inali ndi dzimbiri, madzi a dzinja atalowamo. Anaipukuta, mdzukulu anafufuta nambala ija, injini inalira bwino.

Mbatata inafika ku Tete usiku womwewo. M'mawa mwake mkuluyo anafunsa mtengo wa kamakinako.