Kansalu Kakuda pa Phazi la Khanda

M'Chichewa mawu oti "kuunika" amagwira ntchito ziwiri: wapaulendo amaunika njira ndi muuni, dokotala amaunika wodwala. Chilankhulo chinagamula kalekale kuti kuwala ndi bwenzi la choonadi. Koma m'chipinda cha makhanda obadwa masiku asanakwane muli kachipangizo kotsutsa chigamulo chimenechi.

Kachipangizoka, kotchedwa pulse oximeter, amakakulunga paphazi kapena padzanja la khanda. Nzeru yake anaitulukira Takuo Aoyagi wa ku Japan m'chaka cha 1972. Mbali imodzi kali ndi tinyale tiwiri, kena kowala mofiira, kena kotulutsa infrared, kuwala kosaoneka ndi maso. Mbali inayo kuli kadiso kolandira kuwala kumene kwadutsa mumnofu. Magazi okhala ndi okosijeni wokwanira amameza kwambiri infrared, pamene magazi operewera okosijeni amameza kwambiri kuwala kofiira. Poyerekeza ziwirizi pa kugunda kulikonse kwa mtima, makina amalemba nambala.

Tsoka lake n'lakuti kadisoko sikadziwa kusiyanitsa mwinimudzi ndi mlendo. Phazi la khanda ndi laling'ono, khungu lake ndi lopyapyala. Kachipangizo kakangokhwefuka pang'ono, kuwala kwa m'chipinda kumalowerera: dzuwa la pazenera, nyale yofunditsa mwana, nyale yabuluu yochiza chikasu. Makina amakono amazimitsa tinyale tija mwakamphindi kuti ayeze kuwala kwachilendoko n'kukuchotsera, koma kukanyanya, kadiso kamathobwa. Zili ngati kutchera khutu manong'onong'o pakati pa msika. Pamenepo nambala imatha kunama, ndipo nthawi zina imakokeredwa cha ku 85, kaya mwana ali pamwamba pake kapena pansi pake.

Bodza limeneli amalipira ndi mwana. Namwino amayesetsa kusunga nambala ya khanda lotere pakati pa 90 ndi 95. Makina akanama kuti yatsika, iye amaonjezera okosijeni, ndipo okosijeni wopyola muyezo amaononga timitsempha ta m'maso osakhwima. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, makinawa kusanabwere, ana zikwizikwi ku America ndi ku Ulaya anachita khungu chifukwa cha okosijeni wochuluka. Woimba Stevie Wonder, wobadwa mu 1950, ndi mmodzi wa iwo. Makina akanamanso kuti zonse zili bwino, mwana wobanika amasiyidwa osathandizidwa, ubongo n'kuvulala mwakachetechete.

Mankhwala a vuto lonseli ndi otsika mtengo modabwitsa. Namwino wodziwa ntchito amaonetsetsa kuti tinyale ndi kadiso zayang'anizana bwinobwino, kenako amaphimba phazi ndi kansalu kochindikala kosalola kuwala. Nambala ikamukayikitsa, asanakhudze mpope wa okosijeni amayamba wayang'ana mwanayo: milomo yake, mapumidwe ake, ndiponso ngati kugunda kumene makina akuonetsa kukufanana ndi kumene iye akumva pachifuwa.

Mayi woona mwana wake pansi pa nyale yabuluu, maso ophimbidwa, phazinso lophimbidwa, angaganize kuti akumubisira kanthu. Sakumubisira chilichonse. Kamdima ka paphazipo ndi kamene kakuteteza maso a mwana wake.