Ndinakhoza, Koma Nkhuku Sinaphedwe

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zinatuluka mu 2015, kwathu sikunaphedwe nkhuku. Kukhoza ndinali nditakhoza. Dzina langa linalipo pa pepala limene ahedi anamata pakhoma la ofesi, koma kutsogolo kwake kunalembedwa sukulu yoyendera ya CDSS, imene denga lake tinkaliona tikaima pa chulu cha kuseri kwa khola lathu. Ababa anawerenga mzerewo kawiri, chala chili papepala, kenaka anakwera njinga yawo osandicheukira. Ine ndinabwerera wapansi.

Nonse mukudziwa kuti m'dziko muno kukhoza ndi kwina, kusankhidwa ndi kwina. MANEB ikachonga mayeso, ana amaikidwa pa makwerero. Pamwamba pali sukulu za national monga Blantyre Secondary, Dedza ndi Lilongwe Girls. M'munsi mwake zogonera za m'boma. Kenaka zoyendera, ndipo pansi penipeni CDSS. Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981 kuti izitenga ana anzeru zoposa a m'maboma onse, ife tinkangoimva ngati nthano. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 ana anadzaza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo, koma malo a Fomu 1 m'sukulu zogonera sanachuluke chimodzimodzi. Ndiye kholo lililonse limene mwana wake amatchulidwa pakati pa oyamba m'kalasi limayamba kusowa tulo mwanayo akadali Sitandade 6.

Ababa ndi mlimi wa thonje ndi mapira kufupi ndi Bangula. Sukulu anaisiyira Sitandade 6 chifukwa cha fizi. Sikuti ankafuna kudzitama pa anzawo ayi. Anali ataona anyamata a m'mudzi mwathu akudula nzimbe ku Nchalo, ena akupalasa kabaza dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndipo ankakonda kunena kuti mwana wa m'chigwa akalephera kukwera chitunda cha Thabwa ndi sutikesi ya kusukulu, adzachikwera akukankha njinga ya makala. Sindinawamvepo akunena mawuwa moseka.

Chaka chimenecho chinali chovuta kale. Mu Januwale Shire ndi Ruo anasefukira, ndipo sukulu yathu inasanduka msasa wa anthu othawa madzi. Masabata angapo m'makalasi munkagona mabanja, ife tikuphunzira panja tsiku limene aphunzitsi apezeka. Onjezani kuti kunyumba timalankhula Chisena, pamene mafunso ambiri amabwera m'Chingerezi. Koma pepala la pakhoma silifotokoza za madzi. Limangotchula dzina ndi sukulu.

Ababa anagamula kuti ndibwereze. Anagulitsa mbuzi ziwiri kuti andilipirire maphunziro apadera a masana, aja timati patitayimu, nagula tochi ya mabatire yoti ndiziwerengera m'bandakucha. Anzanga atavala yunifolomu ya sekondale ankandidutsa panjira, ine ndili ndi kabudula yemwe uja. Zimenezo ndinazipirira. Chimene chinativuta chinabwera mayeso atayandikira, pamene aphunzitsi analengeza kuti masamu ndi sayansi tizidzabwereza Loweruka m'mawa.

Ababa ndi mkulu wa mpingo. Ndi iwo amene anandiphunzitsa nkhani ya Danieli ndi anzake atatu, anyamata osankhidwa kukaphunzira kunyumba ya mfumu ku Babulo amene anakana chakudya cha mfumuyo. Lachisanu lina, titatha kupembedza kolandira Sabata, anandiitanira pakhonde. Analankhula motsitsa, maso ali kubwalo.

"Mawa ulawire. Ukamve masamu okhawo, ubwere ulaliki usanayambe."

Ndinapita Masabata atatu. Ndinkadzera m'munda wa mapira, kope nditalibisa m'malaya, ndipo pobwera ndinkalowa m'tchalitchi thukuta lili kamukamu n'kukhala kumbuyo. Ababa ali kutsogolo sankayang'ana mbali yanga. Masamu a masiku amenewo sindikumbukirapo ngakhale funso limodzi. Chimene ndimakumbukira ndi mmene ndinkamvetsera mapazi kumbuyo kwanga.

Sabata lachinayi Amayi, amene nthawi yonseyi anali chete, anayala malaya anga oyera pamphasa n'kunena kwa Ababa, "Abambo, aphunzitsi a Sukulu ya Sabata akhala akufunsa kumene mwanayu amakhala m'mawa. Mumuuze inuyo choti akayankhe, ine ndilibe." Ababa anakhala nthawi yaitali akumanga zingwe za nsapato. Atadzuka anangoti, "Vala, tizipita." Za Loweruka zinathera pomwepo, ndipo mpaka lero sitinazikambepo. Mnzanga wina ankandibwereka kope lake Lamulungu.

Mu 2016 ndinasankhidwa ku sukulu yogonera ya m'boma. Nkhuku inaphedwa, mpunga unaphikidwa, azakhali anaimba nthungululu. Koma m'mawa mwake ndinamva Ababa akufunsa ahedi kuti ndinatsala ndi malikisi angati kuti ndipite ku national.

Zaka zapitazi ndayesa kuwakwiyira koma zimandikanika. Amene anaonapo CDSS ya kumudzi yopanda labu, buku limodzi ana khumi, aphunzitsi a sayansi osakwana, sanganene kuti mantha a Ababa anali opanda pake. Mwina popanda mbuzi ziwiri zija sindikanakhala pa koleji pano. Komanso sindingabise kuti mtsikana amene tinasankhidwira limodzi ku CDSS ija mu 2015 anapita, anakhoza MSCE, ndipo anayamba ntchito ya uphunzitsi ine ndikadali pano kulimbana ndi ma assignment. Sindingabisenso kuti mpaka lero mayeso akayandikira m'mimba mwanga mumapota, ndipo ndikapeza B ndimayamba ndaganiza mmene ndikawauzire Ababa ndisanaganize chimene ndinalakwitsa. Anzanga a m'chipinda amandiseka. Ena a iwo, ndazindikira, amaseka chifukwa nawonso ali ndi pepala lawo la pakhoma.

Chaka chino mlongo wanga, chitsiriza m'nyumba mwathu, ali Sitandade 8. Ndi wanzeru kundiposa, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ababa amandiimbira Lamulungu lililonse kuti nditumize mapepala a mayeso akale. Akuti tochi agula ina, yowala kuposa yanga ija. Sabata yatha, iwo atamaliza kulankhula, anapatsira mwanayo foni. Ndinamva akuyenda, phokoso la mbuzi likuyandikira, kusonyeza kuti wapita kuseri kwa khola.

"Achimwene," anatero monong'ona, "ndikasankhidwa ku CDSS, Ababa adzandilankhula?"

Ndinamuuza kuti adzamulankhula. Kenaka ndinamuuza kuti zikadzatero ndidzabwera ndekha kudzamuperekeza tsiku loyamba, ndipo nkhuku ndidzagula ine. Anaseka pang'ono, mayunitsi n'kutha.

Tchuthi chikubwerachi ndikwera minibasi yotsika Thabwa. Ndakonza kuti Lachisanu loyamba, tikatha kulandira Sabata, ndidzawapemphe Ababa kuti tikhale pakhonde. Mawu oyambira sindinawapezebe.