Mwini Lole ndi Sipanala Yace

Kawama ndi dzina la midzi ya m'tauni ku dziko la Migodi m'Zambia: wina uli ku Kitwe, wina ku Ndola. Anthu ambiri a kumeneko amalankhula Cibemba, ndipo m'cinenero cao kuwama ndiko kukoma; koma aliponso Anyanja amene makolo ao anacokera ku Chipata, ku Petauke ndi ku Malawi kudzafuna nchito ku migodi ya mkuwa. Munthu akayenda m'miseu ya Kawama m'mamawa amaona malole ataima pa mabwalo a nyumba. Ambiri ndi ang'ono, ocokera ku Japan atagwira kale nchito kumeneko zaka zambiri. Anthu amangowachula onse kuti "Canter," ngakhale kuti ena ndi Isuzu kapena Hino. Nchito yao ndiyo kututa mcenga, njerwa, matabwa, makala ndi cimanga.

Lole yotere ndiyo munda wa mwini wace. Ufa wa pa nyumba, zobvala za ana ndi makobiri a mabuku zonse zimacokera m'menemo. Ikadwala, mwiniyo amagwidwa njakata. Akapita nayo ku garaja alipira kawiri: ndalama za makaniko, ndiponso masiku amene lole ikhala cigonere, anzace alikunyamula katundu amene akadanyamula iye. Akaikonza yekha sapatsa munthu kanthu. Koma akalakwitsa, kanthu kakang'ono kamene anafuna kupulumutsa kamadya injini yonse.

Akuluakulu a ku Migodi amakonda kukumbutsa anyamata za madalaivala akale. M'caka ca 1965 Azungu a ku Rhodesia analengeza ufulu wao mosamvera Mangalande, ndipo mafuta amene ankafika m'Zambia kudzera kum'mwera anasiya kubwera. Kuyambira 1966 malole anayamba kutenga mafuta m'migolo ku Dar es Salaam, pa mseu wa Great North Road umene nthawi imeneyo unali wafumbi m'cilimwe ndi wamatope m'dzinja. Ulendowo anaucha "Hell Run," ndiko kunena ulendo wa ku Gehena. M'thengo munalibe garaja. Dalaivala wosadziwa sipanala ankagona pa njira masiku ambiri. Bvutolo linacepa mu 1968 pamene anatsiriza mpope wa TAZAMA, wa makilomita 1,710, wofika ku Ndola. Akuluwo sanama. Koma amaiwala kunena kuti malole a masiku amenewo anali osabvuta, oti munthu wa nyundo, waya ndi masipanala angapo akanatha kuwadzutsa. Ambiri a lero ali ndi kompyuta m'kati, imene simva nyundo.

Komabe ziripo nchito zimene mwini lole wanzeru sapatsa munthu wina, ndipo ziri zambiri koposa m'mene aulesi aganizira. M'mawa, injini isanalire, lole itaima pa malo osapendekeka, amasolola kacitsulo koyesera oilo, nakapukuta, nakabwezera, nakasololanso kuti aone pamene oilo walekeza. Amayang'ana madzi a mu rediyeta injini ikali yozizira, pakuti wotsegula civindikiro cace itatentha amapsa nkhope ndi nthunzi. Amazungulira matayala onse, nayesa manati ngati ali olimba. Amawerama ndi kuyang'ana pansi pamene lole inagona: dontho lakuda pa dothi ndilo kalata imene lole yamlembera usiku. Zonsezi sizitha ngakhale theka la ora.

Pa masiku ace amakhetsa oilo wakale, nasintha sefa, napaka girisi m'mfundo zonse za pansi. M'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, pamene fumbi la m'miseu ya Kawama lifiiritsa ngakhale masamba a mango, sefa ya mpweya imafuna kuiona kawirikawiri. Ndipo m'kabuku amalemba tsiku ndi makilomita.

Cifukwa cace ca kusamala konseku ciri m'kapangidwe ka injini ya dizilo. Injini imeneyi iribe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Imapanikiza mpweya kolimba kufikira utatentha kwambiri, ndipo pamenepo pampu imalabvulira mafuta m'katimo kupyolera m'timabowo tocepa ngati tsitsi. Mafutawo amayaka okha. Tsono kamcenga kamodzi kapena madzi pang'ono m'mafuta zikhoza kuononga zitsulo zimene mtengo wace uposa phindu la mwezi wathunthu. Ici ndico cifukwa cace dizilo wochipa wa m'zigubu, wogulitsidwa m'mbali mwa mseu, amakhala wodula koposa onse. Makaniko sangateteze lole ku zimenezi, popeza sakhalapo pothira mafuta. Mwini yekha ndiye akhalapo. Ndiyenso amene adziwa kulira kwa lole yace monga mai adziwa kulira kwa mwana wace, nazindikira msanga tsiku limene liu lasintha.

Koma pali malire. Pampu ya dizilo ija imayesedwa pa makina amene munthu sangakhale nao pa khonde. Mabauti a mutu wa injini amamangidwa motsatana ndi sipanala yoyesa mphamvu. Womanga mongoganizira amakhotetsa mutuwo. Ndipo koposa zonse pali mabuleki ndi ciongolero. Munthu akalakwitsa posintha oilo, wolira ndi iye yekha ndi thumba lace. Akalakwitsa pa mabuleki, olira ndi ena: mai wosenza ndiwo pa mphambano, ana ocoka ku sukulu, anyamata okhala pamwamba pa njerwa kumbuyo. Lole yodzaza mcenga, pa mseu waukulu wa pakati pa Kitwe ndi Ndola, siima cifukwa cakuti mwini wace ndi munthu wabwino. Boma nalo limafuna kuti lole iziyesedwa ndi a RTSA, oyang'anira za pa mseu, isanapatsidwe cikalata ca kuti iri bwino. Koma woyesayo amaiona tsiku limodzi lokha, ndipo masiku ena onse mlandu uli pa mwini.

Ngakhale pa nchito zazing'ono imfa siiri kutali. Jeke ndi wokwezera, si wogonera pansi pace. Wolowa kunsi kwa lole amayamba waika zipika zolimba ndi kutsekera matayala ndi miyala. Bokosi la tipa likakwezedwa amalicirikiza ndi mtengo kapena citsulo, pakuti likatsika silicenjeza.

Eni malole ambiri amaopa garaja, ndipo mantha ao ali ndi cifukwa. Alipo amakaniko amene anaphunzira bwino, ena ku sukulu ya nchito zamanja ya NORTEC ku Ndola, ena pa mapazi a mmisiri wamkulu zaka zambiri. Aliponso ena amene cuma cao conse ndi ovolosi yakuda ndi pakamwa potsetsereka. Otere amamasula cabwino, naikamo cabodza, nalipiritsa mtengo wa ceniceni. Pamenepa m'pamene munthu wozolowera kugwira lole yace apambana mnzace. Wosadziwa amafika nati, "Bambo, lole yanga yadwala," nasiya makiyi, napita. Wodziwa amati, "Acimwene, ikamakwera citunda itasenza iturutsa utsi wakuda, sefa ya mpweya ndasintha dzana, si imeneyo ai." Makaniko akamva mau otere amadziwa kuti lero palibe zonama, ndipo ngati ali mmisiri weniweni amakondwera, popeza theka la kufunafuna latha kale.

Munthu wotereyu sacoka pa garaja. Amapangana mtengo nchito isanayambe, nakhala pambali, nagwirira nyali, napatsira masipanala, nafunsa mwaulemu dzina la cinthu ciri conse. Nchito ikatha amapempha citsulo cakale cimene cacotsedwa. Amapita naco kwao, ndipo Lamulungu masana, atabwera ku chalichi, amayala thumba pa mthunzi, naitana mwana wace, mnyamata kapena mtsikana, ndipo awiriwo amacimasula pang'onopang'ono kuti aone pamene cinadyeka.