Zolemba Nazo Zimafuna Nkhokwe

Amayi anzanga a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, sabata ino ndifuna tikambirane za nkhokwe ya mtundu wina. Nonse mukudziŵa kuti mayi wanzeru sasakaniza chimanga cha mbewu ndi cha ufa. Amasankha chokhwima bwino nachipachika pamwamba pa moto kuti utsi upirikitse anankafumbwe. Nzeru yomweyi ifunika pa zolemba zimene masiku ano tikuziika m'makompyuta.

Ine ndimasunga kaundula wa gulu lina la alimi a soya ndi mtedza kufupi ndi Mponela. Maina a mamembala, matumba amene aliyense anabweretsa, ndiponso ngongole za feteleza, zonse zimakhala m'kompyuta imodzi imene akatswiri amaitcha seva. Taganizani za mayi wamasiye amene anabweza ngongole yake yonse. Mphezi itaotcha seva ija, kodi adzamuikira umboni ndani? Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Musayese kuti tsoka lotere limagwera aang'ono okha. Mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthaŵiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba analoŵerera makompyuta a ziphaso zoyendera ndipo ankafuna dipo. Kwa masabata angapo Amalaŵi sanathe kulandira mapasipoti. Ngati zinatero ku boma, nanga ife?

Chida chimene ndimagwiritsa ntchito si chachilendo ayi. Dzina lake ndi tar, ndipo chinatuluka mu 1979 pamodzi ndi mtundu wina wa Unix, pamene anthu ankasunga zolemba pa matepi. Ntchito yake ndi kumanga mafayilo ambirimbiri kukhala mtolo umodzi, monga timangira nkhuni. Mnzake gzip, wa mu 1992, amapanikiza mtolowo kuti uchepe. Zonsezi zimapezeka mwaulere m'makompyuta a Linux.

Lachisanu lililonse madzulo ndimayamba ndatseka pulogalamu yolembera kaundula, pakuti mphika sauphula nsima isanapse: fayilo imene ikulembedwabe ikhoza kuloŵa mumtolo ili yosakwanira. Kenaka ndimalemba mzere uwu:

tar -czf kaundula.tar.gz /srv/kaundula

Chilembo c chimalamula kuti mtolo umangidwe, z kuti upanikizidwe, ndipo f chimatchula dzina la mtolowo. Pa dzinalo ndimaonjezera tsiku, kuti mtolo watsopano usafafanize wakale. Mukaika t m'malo mwa c mudzaona zimene zili m'katimo. Mukaika x mtolowo udzamasuka.

Koma mverani bwino, pakuti ambiri amapunthwa apa. Mtolo wosiyidwa m'seva momwemo uli ngati mbewu yosungidwa m'nkhokwe yomweyo: moto ukabuka zonse zimapsa pamodzi. Akatswiri amalangiza kukhala ndi makope atatu, pa zosungiramo za mitundu iŵiri, ndipo limodzi likhale kutali. Ife kope lina timaliika pa disiki ya m'manja imene timaichotsa ku seva tikangotha kukopera, chifukwa mapulogalamu a akuba amatsekanso disiki iliyonse yolumikizidwa. Disikiyo imagona kwa msungichuma wathu, kumudzi wina kuseri kwa phiri. Kope lachitatu limapita pa intaneti kudzera mwa rsync, chida cha mu 1996 chimene chimatumiza zokhazo zimene zasintha, motero ndalama za bandulo sizitha msanga.

Chotsiriza ndi ichi. Mlimi wochenjera amayamba wamiza njere zingapo m'dothi lonyoŵa kuti aone ngati mbewu yake idzamera. Inenso kamodzi pa mwezi ndimamasula mtolo pa kompyuta ina, ndi kufananitsa maina ndi ziŵerengero ndi zimene zili m'buku la pepala. Mtolo umene sunamasulidwepo musaukhulupirire.

Mwina inu simudzalemba mzere wa tar ndi dzanja lanu. Komabe ndalama zanu ndi dzina lanu zili m'makompyuta a magulu athu, a sukulu ndi a mipingo. Tsono pa msonkhano ukubwerawu imani mwaulemu, mufunse mlembi mafunso atatu: kodi makope a kaundula wathu alipo angati, akugona kuti, ndipo anayesedwa liti? Ngati mwana wanu wamkazi akuphunzira kompyuta, muonetseni tsamba lino kuti ayesere.